Tinachinya Algeria 3-0, kenako chinachitika n'chiyani?

[Pakhomo la Mzuzu Stadium, m'mawa, kamvula kakuwaza]

Moni nonse. Ndani akukumbukira Januwale wa 2010? Flames ya Kinnah Phiri inathibula Algeria 3-0 ku Angola pa mpikisano wa AFCON. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda ndi amene anagoletsa. Usiku umenewo ku Chibavi tulo tinalibe. Akabaza ankangoliza mabelu mumsewu opanda wokwera, ena akuti chikho chabwera kale, tingokonza pochiika.

Sabata imodzi yokha inakwana. Angola inatichinya 2-0, Mali 3-1, anyamata ananyamula zikwama. Algeria yomwe tinkaiseka ija inakafika mu semifainolo.

[Wolankhula akuyenda kulowera ku Katoto]

Vuto lake lili m'mutu mwathumu. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu a ku America, Timothy Wilson ndi Daniel Gilbert, analifufuza. Mu 2000 iwo ndi anzawo anafalitsa zomwe anapeza atafunsa ophunzira a pa yunivesite okonda mpira wa chimereka kuti adzamva bwanji masiku angapo timu yawo ikadzawina kapena kuluza. Ambiri anakokomeza. Masewero atatha, mtima unabwerera m'malo msanga kuposa momwe ankaganizira.

Chondisangalatsa ine ndi ichi. Gulu lina analiuza kuti liyambe lalemba zomwe lidzachite tsiku lina masewerowo atatha: kudya, kupita m'kalasi, kucheza ndi anzawo. Amenewa sanakokomeze kwambiri. Tikamaganiza za mawa timangoona chigoli chokhacho, kuiwala kuti lendi ikudikira, mwana akufuna fizi, magetsi athima. Kuluzanso n'chimodzimodzi. Uja amalumbira kuti "tikaluza ine nsima sindidya", pofika nkhomaliro amakhala akusamba m'manja.

Zachisankhonso ndi momwemo, koma imeneyo ndi vidiyo ina.

[Pamsika wa Zigwagwa]

Januwale 2022, ku Cameroon, Gabadinho Mhango anaponya mzinga uja kuchokera kutali, goloboyi wa Morocco n'kungouona ukudutsa pamutu. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Tinaluza 2-1. Ndinagona ndikuti sabata yonse yandiwonongekera.

M'mawa mwake ndinabwera pano kudzagula usipa, nkhope ili ndwii. Ndinawafunsa mayi ogulitsawo kuti, "Amayi, za Morocco mwazimva?"

Anangovundula usipa m'lichero. "Achimwene, ndikuyezereni wa zingati?"