Alamu, super glue uja musathire pachitseko

Eee alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Chitakale? Zithunzi mwatumiza zija, za nsalu imene yamatuka m'kati mwa zitseko za galimoto yanu ya Sienta, ndaziona. Ndimati ndikuimbireni, koma netiweki kuno ku Luchenza lero ikungodukaduka, ndiye ndangoti ndijambule mawu, muzimvera mukamadikira anthu pa siteji.

Kabotolo ka super glue mwagula kaja, bwezerani m'thumba. Kaya mukapatse mlongo wanga amatire chogwirira cha kapu, koma pachitseko cha Sienta ayi. Guluu ameneyo amalowerera m'nsalu, akauma nsalu ija imangoti gwa ngati makaka, kenako kutuluka mawanga oyera. Pasenja akatsamirapo chigongono kawiri katatu, pamathetheka. Pamenepo ndiye kuti nsalu yatayika, ngakhale ine sindingaipulumutse.

Tachitani izi kaye. Pamene nsalu yamatukapo, pisani chala kunsi kwake, mukande pang'ono, muone chalacho. Mupeza fumbi lachikasu, lofiirira, ngati gaga wonyowa. Mwaliona? Fumbi limenelo kale linali siponji. Kufakitale amamata kasiponji kopyapyala kuseri kwa nsalu, mamilimita awiri kapena atatu basi, ndiye siponjiyo ndi imene imagwira ku bolodi la chitseko. Chimene chafa ndi siponjiyo, nsalu ilibe mlandu. Sienta za mtundu wanuwo anayamba kupanga 2003, yanuyo inayenda zaka zake ku Japan, kubwera kuno n'kupeza dzuwa la ku Limbuli. Galimoto yotseka magalasi padzuwa la Okutobala, m'kati mwake kutentha kumapitirira madigiri 60. Kuwonjezera chinyezi chathu cha kuphiri kuno, siponji imaola, kufumbutuka yokha. Tsono mukathira guluu pamwamba pa fumbilo, guluu agwira fumbi, fumbi siligwira kanthu. Lachisanu mwamata, Lolemba yalendeweranso.

Zoti mupeze si zambiri. Guluu wa contact, wachikasu uja wa m'kachitini amene osoka nsapato amagwiritsa ntchito. Mukapeza wolembedwa kuti amapirira kutentha, tengani ameneyo. Sikuludilaiva ya sitala, ina ya fulati, mswachi wakale, bulashi yolimba yochapira, sandipepala, sipiriti wofiirira uja wa m'botolo, kabulashi ka penti, masking tape, mapegi oyanikira zovala, ndi supuni. Inde supuni yodyera phala, musaseke, muiona ntchito yake.

Koma musanagwire chilichonse, yang'anani kuphiri. Mukaona Mulanje wafunda, chiperoni chikuwaza, ntchitoyi isiyeni. Ine ndinaphunzira ndi manyazi. Chaka china mu Julaye munthu anandibweretsera minibasi, akufulumira, akuti mawa ilowe pamsewu. Kunja kuli nkhungu yoti munthu ali pataliko sukumuona. Ndinamata zitseko zonse. Guluu ameneyu akamauma amazizira, ndiye mpweya ukakhala wonyowa, pamwamba pake pamachita kathukuta koti ndi maso simungakaone bwino, amangooneka ngati wachita mbuu. Mukaphatikiza, pakati pamakhala madzi. Sabata isanathe munthu uja anabwera, nsalu zili lende, ndinabwereza ntchito yonse ulere, guluu wanganso. Ndiye sankhani tsiku louma, muyambe cha m'ma 9 mame atauma, mugwirire pakhonde podutsa mphepo. Kutali ndi mbaula, kutali ndi osuta fodya. Fungo la guluu ameneyu limayaka ngati petulo, komanso m'nyumba yotseka limaledzeretsa. Ana asamaunjikane pamenepo.

Tsopano kuchotsa bolodi. Ena amamata lili pachitseko pomwepo, koma fumbi lija simungalichotse bwino, ndipo guluu amayenderera. Tsitsani galasi mpaka pansi, zimitsani galimoto, chotsani kiyi. Masikuluu amabisala. Yang'anani kuseri kwa kachogwirira kotsegulira chitseko, pamakhala kachivindikiro kakang'ono, katukuleni, sikuluu ili m'menemo. Ina imakhala pansi pa kadzenje kamene timapisamo zala pokoka chitseko. Kapulasitiki ka makona atatu ka pafupi ndi galasi loonera kumbuyo kaja, kakokeni, kamangozuka. Maswichi a magalasi atukuleni ndi fulati, koma nsonga yake muikulunge ndi kansanza kuti isakande. Kunsi kwake kuli pulagi, ili ndi kamlomo kodina. Dinani kaye, kenako kokani pulagiyo, osati mawaya.

Kenako makilipi. Yambirani pakona ya m'munsi, lowetsani fulati pafupi penipeni ndi kilipi, mukanule. Muzimva pha, pha, pha, kuzungulira. Musakanule pakati pa makilipi awiri, bolodi limasweka. Onse akamasuka, musalikokere kwa inu, linyamuleni m'mwamba chifukwa limakolekedwa m'mphepete mwa galasi. Likachoka musathamange nalo, kuseri kuli timakebulo ta chotsegulira ndi loko. Jambulani kaye ndi foni mmene takhalira, kenako mutikolole. Makilipi ena asweka ndithu, ndi okalamba, musadandaule. Ogulitsa masipeya ku Limbe amakhala nawo, ingotengani limodzi mukawaonetse. Masikuluu ikani m'kapu, musaike pansi, nkhuku za mlongo wanga ndikuzidziwa.

Pepani, kunabwera kasitomala wa sofa. Ndimati chiyani... eya, bolodi lachoka.

Ligonekeni pamphasa. Litembenuzeni muone kuseri. Pa magalimoto ena kachigawo ka nsalu kaja ndi kapadera, anakagwiritsa ndi timitu ta pulasitiki tosungunula. Ngati kali choncho, mutha kupala timituto ndi mpeni, kachigawoko n'kuchoka, pobwezera n'kumanga ndi timasikuluu tatifupi ndi mawashala. Tatifupi ndithu, kuopa kuboola kutsogolo. Ngati nsalu inangolowetsedwa m'kamzere kozungulira, musavutike, mugwirira ntchito pomwepo.

Nsalu isendeni yonse, pang'onopang'ono, ngakhale pamene pakuoneka kuti pakadagwira. Siponji ya pamenepo nayonso ili m'njira. Tsono apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo anthu ambiri amatopera pomwepa. Tsukutani bolodi ndi bulashi mpaka fumbi lonse lichoke. M'makona ndi m'kamzere muja lowetsani mswachi. Guluu wakale wotsalira, wonanda uja, mupaleni ndi supuni. Mukatha, dutsitsani sandipepala mopepuka kuti pulasitiki asiye kuterera, guluu apeze pogwira. Pukutani ndi kansalu konyowetsa sipiriti. Osati petulo, osati thinazi. Thinazi amadya pulasitiki, ndipo fungo la petulo silituluka, mapasenja azidzatsika ndi mutu. Poyesa, pititsani chikhatho. Chikatuluka choyera, mwatha. Chikatuluka chachikasu, bwerezani. Kuseri kwa nsalu nakonso chimodzimodzi, koma mwaulemu, ingang'ambike.

Yesani nsalu yakaleyo pamalo pake musanathire kanthu. Nthawi zambiri imakhala itafupika ndi dzuwa, m'mbali siifikanso m'kamzere. Ikapelewera, musalimbane nayo. Pitani kwa opanga masofa, mugule nsalu yotamuka pang'ono kapena chikumba chija amakutira mipando, ndi siponji yopyapyala ya mamilimita atatu. Yakaleyo ikhale patani, muigoneke pamwamba pa yatsopano, mudule mosiya masentimita awiri kapena atatu mbali zonse. Kudula kotsiriza ndi pamapeto. Wina anandiumiriza kuti ndimuikire chitenje. Pa bolodi lafulati la Hiace yakale chimakhala bwino ndithu, koma chitenje sichitamuka, pamalo okhota ngati pa chitseko chanucho chimachita makwinya ngati chipumi cha agogo. Kwa inu, poti ndi galimoto ya hayala, anthu akukwera ndi thukuta, ena atanyamula nsomba, ena nanazi, ine ndikanasankha chikumba. Mumangopukuta basi.

Siponji musaidumphe ngati mukuika nsalu. Nsalu yopyapyala ikagona pa guluu popanda siponji, guluu amatulukira kutsogolo, mawanga akuda osachoka. Mumate siponji ku bolodi kaye, kenako nsalu pamwamba pa siponji.

Tsopano kumata. Zungulizani masking tape pa pulasitiki yense amene simukufuna kuti adetsedwe. Takasani guluu ndi kamtengo. Pakani mbali zonse ziwiri, ku bolodi ndi ku chimene mukumatacho, mopyapyala, ngati mmene amapakira majarini pa buledi kumapeto kwa mwezi. Wochuluka sagwira kwambiri ayi, amangochedwa kuuma ndi kupanga mabuluzi... aa, ndikuti mabampu. M'mbali ndi m'kamzere musaphonye, poti kumatuka kumayambira kumeneko.

Mukapaka, manja m'thumba. Dikirani mphindi 10 mpaka 15, onaninso zimene alemba pachitini. Apa ndi pamene pamagwera anthu, amaona ngati guluu akauma ndiye kuti watha mphamvu. Guluu wa contact amagwira atauma. Gusani ndi kuseri kwa chala. Akamamatirira kuchala n'kutuluka ulusi, sanafike. Akamangonanda koma chala n'kuchoka choyera, ndi nthawi yake.

Itanani munthu akugwirireni, chifukwa mbali ziwirizi zikangokhudzana, zagwirana, palibe zosuntha. Iye anyamule nsalu m'mwamba mbali zonse, inu mutsitse pakati pokha. Kuchokera pakatipo muzisisita ndi chikhatho kupita m'mbali, pang'onopang'ono, iye akutsitsa. Yambani ndi malo olowa m'kati, okumbika aja, nsalu ikhale pansi penipeni. Mukaikoka n'kuidutsitsa pamwamba pa dzenje ngati chikumba cha ng'oma, lero ioneka bwino, koma dzuwa likaomba idzadzuka pomwepo. Musakoke mwamphamvu, ingoyalani. Ngati ndi chikumba, chiyanikeni padzuwa kanthawi musanapake guluu, chimafewa n'kumamvera pokhota.

Supuni ija tsopano. Ndi msana wake tsindirani paliponse, mwamphamvu, chifukwa guluu ameneyu amafuna kupanikizidwa. Dulani zotsalira ndi lezala latsopano, mosiya kagawo kakang'ono kolowa m'kamzere. Ndi chogwirira cha supuni, kankhirani m'mphepete monse m'kamzeremo. Osati ndi sikuludilaiva, imaboola. Pamene nsalu ikupindikira kuseri kwa bolodi, pokhota paja, dulani timano ting'onoting'ono kuti ipindike popanda kuunjikana, kenako panani ndi mapegi. Pansi pa pegi ikani kakatoni kuti isasiye chizindikiro. Lisiyeni pamthunzi mpaka mawa nthawi ngati yomweyo. Ndikudziwa mukuwerenga ndalama za tsiku limodzi. Galimoto itha kuyenda bolodi lili kunyumba, ingolumikizani swichi, koma pasenja wa kutsogolo muzimutsegulira nokha.

Bolodi likuuma, inu bwererani kuchitseko, pali china. Muona pepala la pulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda. Amakaniki ambiri akamakonza galasi amaling'amba n'kulitaya, amati n'lopanda ntchito. Pepala limenelo ndi limene limatchinga madzi. Mvula imalowa ndithu m'chitseko kudzera m'mbali mwa galasi, anachipanga choncho, ndipo imayenera kutulukira pansi. Gwadani muone kunsi kwa chitseko, kuli timabowo. Kwathu kuno timatsekeka ndi dothi lofiira la m'misewu ya m'minda ya tiyi. Titokoseni ndi kawaya. Chitadutsa chimphepo cha Freddy mu Malichi 2023, magalimoto amene ankabwera kuno ena ukagwedeza chitseko unkamva madzi akuti khuvukhuvu, mabolodi a minibasi atafufuma, chuku chili mbuu kuseri. Ngati pepala lang'ambika, dulani pulasitiki wokhuthala, mumate bwinobwino, m'munsi mwake mulowe m'kati mwa chitseko kuti madzi azitsikira momwemo. Kwezani galasi, thirani madzi ndi kapu kunja, muone ngati akutuluka pansi. Labala wa m'mphepete mwa galasi ngati wauma n'kung'aluka, ameneyonso ndi wosintha.

Pobwezera, kolekani timakebulo monga pachithunzi chija, tulutsani pulagi ya swichi pabowo lake, kolekani bolodi m'mwamba kaye, muone kuti kilipi iliyonse yalunjika pabowo, kenako menyani ndi chikhatho. Musanamange masikuluu, yesani kutsegula ndi m'kati, yesani loko, yesani galasi. Ine ndinamangapo zonse n'kupeza chitseko sichikutseguka ndi m'kati, kumasulanso.

Masiku awiri atatu oyamba muziimika pamthunzi, magalasi otsitsa pang'ono kuti fungo lituluke. Anyamata otsuka galimoto muwauze asamakhuthulire ndowa pa bolodi, kansalu konyowa n'kokwanira.

Yambani ndi chitseko cha kumanzere, dzanja lizolowere, cha dalaivala chikhale chachiwiri. Mukatha kutsukuta, musanatsegule chitini, munditumizire chithunzi ndione ngati payera. Loweruka mukamadutsa popita ku Limbe muimeko, ndili ndi zidutswa za siponji zinatsala pa sofa, ndikusungirani. Nanazi ziwiri musaiwale. Moni kwa mlongo wanga ndi ana.