Mawu a M'mawa: Nsanja Imene Nyali Yake Inazima

Mwadzuka bwanji, okondedwa mwa Ambuye. Mawu athu a lero achokera pa Masalimo 46:1-3, pamene wamasalimo akunena kuti Mulungu ndiye pothawirapo pathu, ndipo sitidzaopa ngakhale dziko litasandulika, ngakhale mapiri atasunthira m'kati mwa nyanja.

Mavesi amenewa anandifika pamtima nditaima ku Capelinhos, kumadzulo kwenikweni kwa chilumba cha Faial, chimodzi mwa zilumba za Azores za dziko la Portugal, pakati pa nyanja ya Atlantic. Kumeneko kuli nsanja yamiyala imene inayamba kuwala mu 1903, ndipo kwa zaka zoposa 50 nyali yake inkachenjeza oyendetsa sitima usiku kuti asawombe matanthwe. Pa 27 Sepitembala 1957, alonda amene ankayang'anira anamgumi ali pamtunda anaona madzi akuwira kufupi ndi gombe. Phiri lamoto linali litaphulika pansi pa nyanja. Linalavula nthunzi, phulusa ndi chiphalaphala kwa miyezi 13, ndipo pamene linkatonthola mu Okutobala 1958, kutsogolo kwa nsanjayo kunali kutamera mtunda watsopano woposa masikweya kilomita 2. Nyumba mazanamazana zinawonongeka, minda inakwiririka, ndipo mabanja ambiri anasamukira ku America, kumene boma linachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 1958 kuti liwalandire. Chodabwitsa n'chakuti palibe munthu amene anafa.

Munthu ukamayenda pamalopo, phulusa lakuda lokhakhala ngati mchenga limakulowa m'nsapato, ndipo mphepo imakuwaza nalo kumaso mpaka kulimva m'mano. Chipinda chapansi cha nyumba ya nsanjayo chinamira m'phulusa, kotero kuti mawindo amene ukuwaona pafupi ndi nthaka ndi amene kale anali a m'mwamba. Nyali inazimitsidwa chaka chomwecho cha 1957 ndipo siinabwererenso pa ntchito yake, pakuti nsanja imene inamangidwa kumathero a dziko inapezeka ili kuseri kwa phiri.

Apa ndi pamene ndinakumbukira ambiri a ife. Nsanja ija siinalakwe kanthu. Siinagone pa ntchito, siinasunthe pamalo pake, koma dziko ndi limene linasintha mozungulira. Alipo pakati pathu amene anagwira ntchito mokhulupirika kwa zaka zambiri, tsiku lina n'kungolandira kalata yakuti ntchito yatha. Alipo amayi amene analera ana ndi thukuta lawo, lero nyumba ili zii, foni siilira. Alipo akulu ampingo amene matenda anawakhazika pansi, ndipo mawu awo sakumvekanso kutsogolo. Chowawa pa zonsezi si umphawi wokha ayi, koma funso limene limabwera pakati pa usiku, lakuti kodi ndidakali ndi ntchito pamaso pa Mulungu?

Wamasalimo sanalonjeze kuti mapiri sadzasuntha. Iye ananena kuti akasuntha, Mulungu adzapezeka ali pomwepo, thandizo lopezekeratu m'masautso. Ine ndimaona kuti timawachimwira abale athu tikamafulumira kuwauza kuti zonse zibwerera mwakale, pakuti zina sizibwerera, monga nyali ya ku Capelinhos siinabwerere. Komabe nsanjayo siinagwetsedwe. Mu 2008 anatsegula malo ophunzitsira alendo za kuphulika kuja, ndipo anawamanga pansi pa nthaka, m'phulusa momwemo, kuti asatchinge maonekedwe a malowo. Lero anthu ochokera kutali amakwera makwerero a nsanjayo kukaima pamene pankakhala nyali, ndipo ali pamwambapo amaona ndi maso awo kumene moto unafika ndi kumene unalekezera. Nyanja nayo yakhala ikukokolola mtunda watsopano uja, mwakuti woposa theka unapita kale, koma nsanja yakaleyo ikadali chiimire.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, m'mawa uno tikupereka m'manja mwanu onse amene adzuka opanda kolowera, amene ntchito yawo inatha osalakwa, ndi amene akwiririka m'chisoni mpaka kusowa mawu. Agwireni dzanja, ndipo mutumize wina wowayendera lero. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.