Malo a amayi asagulitsidwe, nkhani ya nyumba ya ku Longford ili motere

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Uthengawu utalika pang'ono, mumvetsere mpaka kumapeto, ndipo mukapita kumudzi Loweruka mukawatsegulire amayi adzimvere okha. Ndamva kuti mwayamba kufunsa mitengo ya malo aja a ku Mponela kuti mutithandize. Zikomo chifukwa cha mtima umenewo, koma chonde imani. Malo amenewo asagulitsidwe.

Zoti ngongole ya nyumba yatikanika n'zoona. Nyumbayi, ya ku Longford kuno ku Ireland, tinagula mu 2007, mitengo ili kumwamba kwenikweni. Chaka chotsatira chuma cha Ireland chinagwa, ntchito za zomangamanga zinaima, abambo ake a Thoko n'kukhala pakhomo. Pofika 2012 mitengo ya nyumba inali itatsika pafupifupi ndi theka. Tinkapereka zomwe tapeza ndi malipiro anga a kuchipatala, koma zotsalira zinkangounjikana.

Mabanki akuno anali ndi ngongole zoterezi zambirimbiri, ndiye anayamba kuzigulitsa m'magulumagulu kwa makampani ogula ngongole, omwe kuno amawatcha ma vulture fund. Kuti muone kukula kwake, mu 2018 banki ya Permanent TSB inagulitsa ngongole zokwana ma euro 2.1 biliyoni pa mtengo wa pafupifupi 1.3 biliyoni basi. Yathu inachokera ku banki ina, koma njira yake ndi yomweyo. Tinangolandira kalata yakuti kuyambira mwezi wakuti muzilipira kwa awa. Sanatifunse, ndipo lamulo silinena kuti atifunse.

Apa ndi pamene pali nkhani, mumve bwino. Wogula ngongole ali ngati mavenda aja ogula chimanga chikadali m'munda: wagula motchipa, ndiye ngakhale atagulitsa motsika amapezabe phindu. Ngongole yathu pa pepala ndi ma euro 240,000, kuphatikiza zotsalira ndi chiwongola dzanja chomwe chinakwera kwambiri kuyambira 2022. Iwowo sanaigule pa mtengo umenewo. Kuti atilande nyumba ayenera kupita ku khoti la Circuit Court, ndipo milandu yotere kuno imatenga zaka, maloya akudya ndalama. Choncho ndalama ya m'manja lero, ngakhale yochepa, amaifuna kuposa yambiri ya pa pepala.

Tagwirizana chonchi. Nyumba tigulitsa tokha. Woyesa mitengo waiika pa 190,000, ndipo ndalama yonse yotsala tikachotsa zolipira wogulitsa ndi loya ipita kwa iwo. Patsalabe ngongole yoposa 50,000. Pa imeneyo avomera kulandira 12,000 kamodzin'kamodzi, yotsalayo n'kuifafaniza. Poyamba anatchula ndalama yokulirapo, ife tinayamba ndi yochepa, mpaka tinakumana pamenepo. Ndalama ya 12,000 ndi yomwe takhala tikusunga ku credit union, yomwe ili ngati SACCO, pamodzi ndi yomwe Thoko wawonjezera, poti wayamba ntchito.

Sitinayende tokha m'nkhaniyi. Kuno kuli bungwe la MABS lomwe limalangiza anthu angongole mwaulere, ndipo kudzera mu ndondomeko ya boma ya Abhaile, yomwe inayamba mu 2016, tinaonana ndi katswiri wa za ngongole komanso loya popanda kulipira. Anatifotokozera njira zina zosungira nyumbayi. Ina ndi yodzera m'lamulo la 2012, imene amaitcha Personal Insolvency Arrangement, yokonzanso kabwezedwe ka ngongole, ina ndi yopereka nyumba kwa bungwe n'kumakhalamo ngati alendi. Yachiwiriyi malipiro athu apitirira malire ake. Yoyambayi ikanatimanga kubweza mpaka ukalamba, pa nyumba ya zipinda zomwe ana anachokamo kale. Tinakhala pansi awiri n'kusankha kugulitsa, tikachite lendi kanyumba kakang'ono kufupi ndi kuntchito.

Tsopano chifukwa chake ndikukaniza za malo. Tisanayambe kukambirana, a kampani ija anatipatsa fomu yaitali, Standard Financial Statement, yolembapo chilichonse: malipiro, magetsi, chakudya, mafuta a galimoto, katundu yense amene tili naye. Anafunanso mapepala a ku banki. Mayi wa ku MABS uja anatenga cholembera n'kuzunguliza mizere yonse ya ndalama zomwe ndimatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi, n'kunena kuti izi adzakufunsani, konzekerani yankho. Anafunsadi. Ndinayankha zoona, kuti ndi mankhwala a BP a amayi ndi fizi ya mwana wa malemu achemwali. Mtengo wa 12,000 uja waima pa zimene tinalemba pa fomu imeneyo. Malo a ku Mponela ndi a amayi, sali m'dzina langa, ndipo alibe mbali pa ngongoleyi. Akagulitsidwa, ndalama n'kulowa mu akaunti yanga, ndiyenera kuulula, ndipo adzati muli nazo, wonjezerani. Tidzakhala tataya munda wa makolo pongonenepetsa kampani. Komanso inu mukudziwa mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023, ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndi mmene forex ikuvutira m'mabanki. Ndalama ya malowo ikasinthidwa kukhala ma euro siingafike patali. Za katapila ndiye musaziganize n'komwe.

China chomwe ndikufuna muwauze amayi n'chakuti pa 12,000 ija sitinapereke ngakhale senti imodzi, ndipo sitipereka mpaka kalata ifike kwa loya wathu. Lonjezo la pafoni silikhala umboni. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu kuno anauzidwa pafoni kuti akapereka ndalama yakuti nkhani yatha. Anapereka, ndalamayo anangoichotsera pa zotsalira, mwezi wotsatira kalata yangongole n'kubweranso. Ndiye kalata yathu iyenera kunena momveka kuti ndalamayi ndi yotsekera ngongole yonse, full and final settlement, kuti sadzatilondolanso kapena kugulitsa yotsalayo kwa kampani ina, ndiponso kuti chikole chawo pa nyumbayi achichotsa m'kaundula wa malo. Mayina athu tonse awiri alembedwemo, chifukwa tinasainira awiri, ndipo akamasula mmodzi winayo angamufunse ngongole yonse. Ndalamayo idzadutsa kwa loya, osati kuchoka m'manja mwathu.

Sikuti tituluka opanda chipsera ayi. Mbiri ya ngongoleyi ikhalabe m'kaundula wa Central Bank wotchedwa Central Credit Register kwa zaka 5 chitsekereni ngongoleyo, ndiye banki iliyonse izitiyang'ana mokayika. Nyumba yomwe ana anakuliramo ikupitanso, ndipo zimenezo zikundiwawa. Koma kuopa positi m'mawa uliwonse kwanditopetsa, achimwene.

Pakadali pano ndalama ya mankhwala a amayi ndi fizi sizisintha, ndizitumiza monga mwa nthawi zonse. Ya malata a nyumba ya kumudzi ndiyo iime kaye mpaka kugulitsa kutatha, muwauze amisiri asayambe kusasula denga. Munthu uja amene anabwera kudzaona malo mumuuze lero lomwe kuti eni ake akana. Ndiimba Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi, amayi akakhala ndi mafunso adzandifunse okha.