Mwana Akabanika Usiku: Tidikire Kuche Kapena Tinyamuke?

[Wofotokoza wakhala pampando. Patebulo pali tochi, foni ndi kabuku ka kuchipatala.]

Moni amayi, moni abambo, moni agogo amene mukulera zidzukulu. Lero tikambirana za ola limene kholo lililonse limaliopa. Mwana anagona ali ndi kachimfine chabe, phala anadya, anasewera ndi anzake mpaka madzulo. Ndiye cha m'ma 1 koloko usiku mukudzidzimuka ndi phokoso lachilendo. Akutsokomola mouma ngati kagalu kakuuwa, mawu asasa, ndipo akamakoka mpweya pakhosi pakulira. Kunja kuli mdima wa ndiwe yani, chipatala chili kutali, ndipo wina m'nyumbamo wanena kale kuti, "Tiyeni tione kukacha."

Kudikira kapena kunyamuka, yankho lake lili pachifuwa cha mwanayo. Mukhoza kuliona nokha ndi tochi komanso wotchi ya pafoni.

[Kamera isonyeze pafupi chifuwa cha mwana.]

Choyamba muvuleni. Ife mwana akadwala timamuveka juzi, chipewa, n'kumufunditsa bulangete, ndiye chomwe chikanatiuza zoona chimabisika. Kwezani malaya, mumukhazike pamiyendo panu, muunike m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa ndi mimba zimatukukira kunja limodzi. Yemwe akuvutika, pamene akukoka mpweya m'pamene m'munsi mwa nthiti mumalowa m'kati, n'kupanga kadzenje, ndipo zimachitika pa mpweya uliwonse ngakhale ali phee. Yang'ananinso kadzenje ka m'munsi mwa khosi, mphuno ngati zikutukuka, mutu ngati ukugwedezeka potsatira mpweya. Khanda limatha kumabuula pang'onopang'ono nthawi iliyonse likamatulutsa mpweya. Mukaona zimenezi, nkhani yodikira kuche yatha.

Kenako werengani. Ikani wotchi pa mphindi imodzi yathunthu, masekondi 60. Mimba ikakwera n'kutsika, ndi kamodzi. Musawerenge masekondi 15 n'kuchulukitsa, chifukwa ana aang'ono amapuma modukizadukiza, apa mofulumira, apa n'kuima pang'ono. Ngati akulira, yambani mwamutonthoza kapena kumuyamwitsa. Manambala amene bungwe la World Health Organization linakhazikitsa, omwenso alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito m'midzi mwathu, ndi awa.

[Manambala aoneke pasikirini.]

Khanda losakwana miyezi 2: mpweya 60 kapena kupitirira pa mphindi ndi wofulumira. Kuyambira miyezi 2 mpaka asanakwanitse chaka: 50. Kuyambira chaka chimodzi mpaka asanakwanitse zaka 5: 40. Jambulani manambalawa, kapena muwalembe kuseri kwa kabuku ka mwana, chifukwa usiku mtima uli m'mwamba simungawakumbukire.

Tsopano tcherani khutu. Phokoso lomveka pokoka mpweya, limodzi ndi chifuwa chouwa chija, kawirikawiri ndi matenda amene madokotala amawatchula kuti croup. Amayamba ndi kachilombo ka chimfine, nthawi zambiri ka parainfluenza, ndipo amakonda ana a miyezi 6 mpaka zaka 3. Kachilomboka kamatupitsa njira ya mpweya m'munsi mwa kholingo. Mwa ife akuluakulu kachilombo komweko kangangotisasitsa mawu basi, koma njira ya mpweya ya khanda m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamilimita 4 okha. Ikatupa milimita imodzi kuzungulira, patsala mamilimita 2, ndipo malo odutsa mpweya amakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a poyamba. Mwana akachita mantha n'kuyamba kulira, mpweya umadutsa mwamphamvu pamalo opanikizika aja, phokoso n'kukula, iye n'kuopa kwambiri. N'chifukwa chake mankhwala oyamba ndi manja a mayi kapena a bambo. Mumunyamule ali chikhalire, mumulankhule motsitsa, anthu odzaona achepe m'chipindamo. Ana ambiri a croup amachira bwinobwino. Chofunika kusiyanitsa n'chakuti, kodi phokosolo likumveka akamalira pokha, kapena likumvekabe ali chete? Ngati likumveka ali chete, nyamukani.

Kamluzu kopyapyala komveka potulutsa mpweya kamachokera m'kati mwa mapapo. Kwa mwana wokulirapo kakhoza kukhala mphumu, ndipo kwa wosakwana chaka nthawi zambiri ndi kachilombo kotchedwa RSV kamene kamatupitsa tinjira ting'onoting'ono ta m'mapapo.

Koma chimene ine ndimaopa koposa n'chimene sichichita phokoso. Chibayo chimatha kubwera mwakachetechete: thupi latentha, mwana sakufuna bere, akupuma mofulumira, basi. Palibe chodzutsa nyumba yonse. Malinga ndi World Health Organization, m'chaka cha 2019 chibayo chinapha ana 740,180 osakwana zaka 5 padziko lonse. Mphindi imodzi yowerengera ija ndi imene imachiulula.

Pali china chosiyana ndi zonsezi. Mwana analibe chimfine, amadya kapena kusewera, mwadzidzidzi watsamwa. Ganizirani za mtedza, nyemba, njere ya chimanga, mkanda. Ngati akutsokomola mwamphamvu, musiyeni atsokomole. Ngati khanda silikutha kulira kapena kutsokomola, ligonekeni chafufumimba pamkono wanu mutu uli kumunsi, mulimenye kasanu pakati pa mapewa ndi chikhatho, mulitembenuze, musindikize kasanu pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri, kenako mubwereze. Musapise chala m'kamwa kufunafuna chinthu chimene simukuchiona, mungachikankhire m'kati.

[Kamera ibwerere kwa wofotokoza.]

Zizindikiro zina sizifunanso kuwerenga. Milomo kapena lilime zatuwa kapena zabiriwira. Pakhungu lathu lakuda zimenezi zimaoneka bwino m'kati mwa milomo ndi palilime, choncho unikani m'kamwa. Mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, akuvuta kudzutsa, akuchucha dovu chifukwa sakutha kumeza. Kwa khanda losakwana miyezi 2, vuto lililonse la kupuma ndi lopita nalo kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo chonde mumvetse ichi: mwana amene wakhala akulimbana ndi mpweya kwa maola, kenako n'kungoti zii, wofooka, maso ali pakatikati, sanapeze bwino ayi. Watopa. Imeneyo ndiye nthawi yoopsa kwambiri, ndipo makolo ambiri amaiona ngati mpumulo.

Agogo athu amatikonda, ndipo chimene amadziwa ndi kufukiza. Ndikupempha mwaulemu, agogo, kwa mwana wamng'ono ayi. Kafukufuku sanapeze kuti nthunzi imachepetsa croup, pamene mphika wa madzi owira pansi pa bulangete, mwana akuphiriphitha, wawotcha ana ambiri. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka mu June ndi July nayonso itulutseni. Utsi umawonjezera kubanika, ndipo makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Musamutsanulire madzi, phala kapena mankhwala m'kamwa mokakamiza, angatsamwe. Musataye ola mukufufuza makapisozi otsala a mkulu wake kapena mankhwala a chifuwa a pagolosale. Pemphero ndi labwino, pempherani muli m'njira.

Nkhani ya mayendedwe imakonzedwa masana mwana ali bwino. Nambala ya wakabaza wodalirika amene amayankha foni usiku ikhale m'foni ya mayi ndi ya bambo yomwe. Dziwani neba amene ali ndi galimoto, ndipo mulankhule naye lero, osati pa 2 koloko usiku. Dziwani chipatala chapafupi chimene chimatsegula usiku. Kabuku ka mwana kazikhala pamalo amodzi odziwika. Ndipo amayi musamadikire chilolezo cha bambo amene ali kutali kapena foni yawo yazima. Mugwirizane pano kuti mwana akabanika, amene ali naye pafupi ndiye anyamuke.

Musanatuluke, ngati pali wina wogwira foni, ajambule kavidiyo ka masekondi 20, chifuwa chili poyera, phokoso likumveka. Chifukwa chake n'chakuti mwana wa croup kawirikawiri amapezako bwino m'njira, kamphepo kozizira ka usiku kakamuwomba. Mumafika pachipatala iye akuyang'anayang'ana magetsi, inu n'kuyamba kuchita manyazi ngati mwadzutsa anthu pachabe. Musabwerere pakhomo. Lowani, muwaonetse adokotala kavidiyoko. Panjira mumunyamule kutsogolo ali chikhalire, nkhope ili poonekera. Kumbuyo, atamangidwa zolimba ndi chitenje mpaka kumutu, simungaone ngati wasintha.

[Chithunzi cha benchi ya pachipatala.]

Mukafika musakhale pabenchi mwaulemu kudikira mzere. Uzani munthu woyamba amene mwakumana naye, kaya ndi mlonda, kaya ndi namwino: "Mwana wanga akubanika." Si mwano. Dongosolo la zipatala limafuna zimenezo. Limatchedwa ETAT, ndipo limasankha ana malinga ndi kukula kwa vuto, osati nthawi imene afika. Ntchito yaikulu yolikonza inachitikira kwathu konkuno, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, ndipo World Health Organization inasindikiza buku lake lophunzitsira mu 2005. Pa dongosololi, mwana wovutika kupuma ndiye woyamba kuonedwa.

Amuika kachipangizo kowala pachala kapena pachala cha kuphazi, koyeza okosijeni m'magazi. Sikapweteka. Kakasonyeza pansi pa 90, amamuika timachubu tiwiri m'mphuno. Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndikudziwa zimene zimanenedwa m'mawodi ndi m'midzi, zoti okosijeni amapha, zoti mwana akangoikidwa pamakina ndiye kuti basi. Makolo ena amakana, ena amachotsa timachubu namwino akatuluka. Mphekesera imeneyi inabadwa chifukwa okosijeni amaperekedwa kwa odwala kwambiri, ena mwa iwo ofika mochedwa, ndiye anthu amaona makina ndi maliro pamodzi n'kuganiza kuti makinawo ndiwo apha. Okosijeni ndi mbali ya mpweya womwewu tikupumawu, kungoti waperekedwa wochuluka kuti mapapo odwala asagwire ntchito yopitirira mphamvu zake. Akanena kuti mwana akufunika okosijeni, vomerani, ndipo mugwire timanja take kuti asazule timachubuto.

Ngati ndi croup, kawirikawiri amapereka dexamethasone kamodzi kokha, mankhwala ophwetsa chotupa chija. Ikakhala yaikulu amamupumitsa adrenaline wosandutsidwa nkhungu kudzera m'kachigoba ka pamphuno. Ameneyu amagwira msanga koma mphamvu yake imatha pakapita maola ngati awiri, n'chifukwa chake amakusungani kaye ngakhale mwana akuoneka kuti wachira. Musathawe naye. Ngati ndi kamluzu ka mphumu, amapereka salbutamol wopopera, nthawi zina kudzera m'botolo lapulasitiki lobooledwa kunsi, ndipo njira imeneyi imagwira ntchito bwino ndithu. Chibayo chimafuna amoxicillin, chikakula jakisoni ndi kugonekedwa. Musadabwe akamubaya pachala kuyeza malungo ndi kuchuluka kwa magazi, pakuti malungo aakulu ndi kuchepa kwa magazi nazonso zimabanikitsa mwana. Komanso musakhumudwe mwana wa croup akatuluka wopanda jakisoni kapena makapisozi. Mankhwala opha mabakiteriya sagwira kachilombo koyambitsa croup.

Tsegulani kabuku ka mwana muone katemera. Wa chibayo, wotchedwa PCV13, anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu November 2011, ndipo mwana amalandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Sateteza ku croup, ndiponso sathetsa chibayo cha mtundu uliwonse, koma amatchinga mabakiteriya oopsa amene amayambitsa chibayo chachikulu. Ngati pali mpata wosadindidwa, funsani tsiku la sikelo musanachoke.

Mukabwerera kunyumba, dziwani kuti croup imakonda kubwereranso usiku wachiwiri kapena wachitatu, ngakhale masana mwana anasewera. Mugone naye pafupi, tochi ili pamutu pa bedi, muzimuyamwitsa kapena kumupatsa zakumwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Phokoso likamvekanso ali chete, kapena nthiti zikayambanso kulowa, mubwerere usiku womwewo. Amene mwapatsidwa amoxicillin, mumalize masiku onse amene akuuzani, kawirikawiri 5, ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri, ndipo pakatha masiku atatu mupite nayenso akamuwerengenso mpweya.