Lindsey Horan: mmene womwetsa zigoli anasandukira wosewera pakati

Zikomo makolo, aphunzitsi a mpira ndi inu atsikana mwakhala kutsogoloku. Dzina la Tabitha Chawinga nonse mukulidziwa. Pomwe Tabitha amafika ku timu ya Lyon ku France mu 2024, anakapezako mtsikana wa ku America wosewera pakati, Lindsey Horan, yemwe pano akutchedwa Lindsey Heaps chikwatiwireni kumapeto kwa chaka chomwecho. Lero tikambe za ameneyu, makamaka za ntchito ya pakati pa bwalo.

Anabadwa pa 26 Meyi 1994 ndipo anakulira ku Golden, m'chigawo cha Colorado, akusewerera timu ya ana ya Colorado Rush. Ku America njira ya mtsikana wampira inkadziwika kale: amalize sekondale, apeze malo aulere ku yunivesite, asewereko zaka zinayi, kenako matimu akuluakulu amutole. Njirayi inatseguka ndi lamulo la 1972 lotchedwa Title IX, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala atsikana, pamasewero pomwe. Horan anapatsidwa malo ku University of North Carolina, sukulu yotchuka zedi pa mpira wa atsikana. Iye anawakana. Mu 2012, ali ndi zaka 18, anasaina ndi Paris Saint-Germain, ndipo anakhala mtsikana woyamba wa ku America kulumpha yunivesite n'kulowa mpira wamalipiro.

Makolo mumvetsetse apa. Zaka 18 zimenezo si zamwayi. Malamulo a FIFA salola kuti mwana wosafika zaka 18 asamutsidwire ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Ndiye wina akabwera pakhomo n'kunena kuti atengera mwana wanu wa zaka 15 ku Ulaya mukangopereka ndalama ya ndege, mufunseni kaye za lamulo limeneli.

Ku Paris ankasewera kutsogolo, ndipo ankagoletsa kwambiri. Koma timu ya dziko lake inali yodzaza kale kutsogoloko ndi akatswiri ngati Alex Morgan. Mpata unapezeka pakati, Lauren Holiday atapuma mpira mu 2015, ndipo mphunzitsi Jill Ellis anamubweza Horan m'mbuyo kuti atseke malowo. Kumayambiriro kwa 2016 anabwerera kwawo kukasewerera Portland Thorns. Mu 2017 Portland inatenga chikho cha NWSL, ligi ya akazi ya ku America, pogonjetsa North Carolina Courage 1-0, chigoli chake cha iyeyu, ndipo mu 2018 anasankhidwa wosewera bwino koposa mu ligi yonse. Mphotho yomweyo ndi imene Temwa Chawinga anatenga mu 2024 ali ku Kansas City Current.

Tsopano kusintha kumeneku kumavuta pati? Womwetsa zigoli amaima golo ili kumsana, adani ali mbali imodzi. Wapakati adani amamudzera mbali zonse. Choyamba ndi khosi: mpira usanafike, cheuka phewa ili, cheuka linalo, udziwe mdani ali pati ndi mnzako ali pati. Atsikana ambiri amayang'ana mpira wokha, akaulandira m'pamene amadzutsa mutu, apo n'kuti atalandidwa kale. Chachiwiri ndi kaimidwe. Usaime moyang'ana yemwe akukupatsira mpira, ima chammbali, uulandire ndi mwendo wakutali kuti kugunda koyambako kukutembenuzire kutsogolo. Ukaulandira ndi mwendo wapafupi, mpira umabwerera komwe wachokera, ndipo umangokhalira kupatsira kumbuyo.

Nthawi zambiri pakati pamakhala anthu atatu, ndipo ntchito zawo n'zosiyana. Nambala 6 amakhala patsogolo pa otchinga kumbuyo, kuthyola mipira ya adani. Nambala 10 amakhala kuseri kwa omwetsa zigoli. Nambala 8 amayenda bwalo lonse, bokosi ili mpaka bokosi ilo, ndipo Horan wasewera kwambiri apa ndi pa 10. Luso lake lenileni ndi kulowa m'bokosi mochedwa. Otchinga kumbuyo amakhala atagawana kale omwetsa zigoli, ndiye wapakati akatulukira mpira uli kale m'malere, palibe womugwira. Ukafulumira kulowa, wadzipereka wekha kwa wokutchinga. Ndipo ngati nambala 8 ndi nambala 10 alowa onse pamodzi osasiya wotsala, mpira ukalandidwa nambala 6 amatsala yekha pakati pa adani atatu. Wina akapita, wina atsale.

Mutu wake nawonso ndi chida. Pa chikho cha dziko lonse cha 2023, America ikutsalira 1-0 ndi Netherlands, anagundana koopsa ndi Daniëlle van de Donk, mnzake wa ku Lyon komweko, mpaka oyimbira kuwakhazika pansi mtima. Patangopita kanthawi, Rose Lavelle anamenya kona, Horan n'kuupinda ndi mutu, 1-1. Pa kona usadumphe uli chiimire. Yambira patali masitepe atatu kapena anayi, uumenye ndi chipumi, maso ali otsegula.

Zikho zina tingozitchula: cha dziko lonse mu 2019 ku France, Champions League mu 2022 pomwe Lyon inagonjetsa Barcelona 3-1 ku Turin, ndi mendulo yagolide ya Olimpiki ku Paris mu 2024, ali kaputeni, atagonjetsa Brazil 1-0. Ku Lyon anayamba kupita pangongole mu Januwale 2022, kutanthauza kuti kontrakiti inali ikadali ya Portland, ndipo anasamukiratu mu 2023.

Aphunzitsi, nayi ntchito ya mawa. Lembani bwalo la masitepe 10 mbali zonse. Atsikana asanu m'mbali, awiri m'kati olanda mpira, aliyense agunde kosaposa kawiri. Kenako lowetsani mmodzi wa asanuwo pakati pa olandawo, ndipo musamuwerengere mpira uliwonse womwe waulandira asanacheuke. Masiku oyamba adzalandidwa kangapo motsatizana. Musamutulutse, ingokulitsani bwalolo ndi masitepe awiri, akazolowera mulibweze pa 10.