Makalata a omvera: bwanji amachotsa bwana woti sakhala ndi pa benchi pomwe?

Tabwereranso omvera, ndipo ino ndi nthawi ya makalata anu. Yoyamba yachokera ku Ndirande, kwa bambo ena amene apempha kuti dzina lawo ndisalitchule. Alemba motere:

"Achimwene, ine ndinayamba kuchemerera Manchester United nthawi ya Ferguson. Timu ikamagonja n'kuchotsa kochi ndimamvetsa, poti ndiye amasankha olowa m'bwalo. Koma Dan Ashworth uja analakwanji? Sanakhalepo pa benchi, sanaphunzitsepo wosewera, miyezi isanu yokha basi ntchito yatha. Tatimasulireni, kumalo koonera mpira kuno timangokangana."

Zikomo bambo. Tiyambe ndi ntchito yake, chifukwa ambiri timangoona kochi. M'matimu akuluakulu a ku Ulaya muli munthu wina pamwamba pa kochi, amene amamutcha sporting director. Iyeyu ndiye amaona kuti timu igule ndani, igulitse ndani, kontrakiti ya ndani iwonjezedwe, ndipo kochi akalephera amayenera kukhala ndi dzina la wolowa m'malo lili kale m'thumba. Kochi amaweruzidwa Loweruka lililonse. Uyu amaweruzidwa ndi mwini ndalama, m'chipinda chotseka, ife osamva.

Ashworth sanali munthu wamba pa ntchitoyi. Anagwira ku West Brom, ku bungwe la FA loyendetsa mpira ku England, ku Brighton, kenako ku Newcastle. Sir Jim Ratcliffe atagula gawo la United kumayambiriro kwa 2024 n'kutenga ulamuliro wa zampira, anamufuna kwambiri moti anamudikira miyezi ingapo Newcastle ikukana kumumasula, mpaka analipira chipepeso. Anayamba ntchito mu Julayi 2024.

Ndiye taonani zimene zinachitika iye ali pampando. Mwezi womwewo timu inawonjezera kontrakiti ya kochi Erik ten Hag, amene anali atangotenga chikho cha FA pogonjetsa Manchester City 2-1. Inagula Leny Yoro, Joshua Zirkzee, Matthijs de Ligt, Noussair Mazraoui ndi Manuel Ugarte, ndalama zake pafupifupi mapaundi 200 miliyoni. Pa 28 Okutobala, atagonja kwa West Ham, Ten Hag yemweyo anachotsedwa, ndipo kumulipira iye ndi omuthandiza kunadya mapaundi oposa 10 miliyoni. Mwini ndalama akaona zotere safunsa za amene anaphonya chigoli. Amafunsa kuti anavomereza zonsezi ndani.

Koma kwa ine chimene chinamumaliza ndi nkhani ya wolowa m'malo. Nyuzipepala za ku England zinalemba kuti Ruben Amorim, kochi amene analowa m'malo mwa Ten Hag, sanali munthu amene Ashworth ankamufuna, ndipo amene anathamangira ku Lisbon kukamutenga anali Omar Berrada, mkulu wa kampani yonse. Tangoganizani bambo: ntchito yanu yaikulu ndi kusankha kochi, kochi wabwera, koma wasankhidwa ndi wina. Mwatsala ndi chiyani? Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pa Old Trafford, bwalo la United, analipo oposa awiri, chifukwa Jason Wilcox, bwana winanso wa zampira, nayenso anali pomwepo. Pa 7 Disembala United inagonja 3-2 kwa Nottingham Forest pakhomo, ndipo m'mawa mwake zinalengezedwa kuti Ashworth wachoka. Chikalata chinati agwirizana mbali zonse ziwiri. Mawu amenewo, omvera, muzikawamva ndi khutu limodzi.

Kalata yachiwiri yachokera ku Mzuzu, kwa mayi ena:

"Amuna anga amati nkhani ndi kupambana basi, timu ikatenga chikho palibe amene amachotsedwa. Ine ndimawatsutsa koma ndilibe umboni. Ndithandizeni."

Mayi, umboni ndi uwu, mukawapatse madzulo ano akamadya nsima. Pa 27 Meyi 2023 Bayern Munich inatenga ligi ya ku Germany kakhumi ndi kamodzi motsatizana, Jamal Musiala atagoletsa chakumapeto ku Köln pamene Dortmund inafanana mphamvu ndi Mainz 2-2. Tsiku lomwelo, osewera ali pa chikondwerero, kunamveka kuti Oliver Kahn, mkulu wa timu yonse, ndi Hasan Salihamidžić, sporting director wake, ntchito yatha. Chikho chili m'manja!

Analakwa pati? Robert Lewandowski anapita ku Barcelona mu 2022 ndipo iwo sanagule womwetsa zigoli weniweni. Anabweretsa Sadio Mané kuchokera ku Liverpool, amene anangokhala chaka chimodzi. Kenako mu Malichi 2023 anachotsa kochi Julian Nagelsmann timu ikadali m'mipikisano yonse itatu, itangotulutsa kumene PSG mu Champions League. Thomas Tuchel atalowa, Freiburg inawatulutsa m'chikho cha kwawo, Manchester City n'kuwatulutsa ku Ulaya. Ligi ija anaipeza chifukwa Dortmund inaterereka tsiku lomaliza, ndipo akuluakulu a timu sanapusitsike nayo. Miyezi yochepa pambuyo pake anagula Harry Kane.

Mukafuna wina woonjezera, atchulireni Paolo Maldini. Anasewera AC Milan moyo wake wonse, monga bwana anaithandiza kutenga ligi mu 2022 kwa nthawi yoyamba chichokere 2011, ndipo chaka chotsatira inafika mu semifainolo ya Champions League. Mu Juni 2023 mwini timu watsopano, Gerry Cardinale, anamuchotsa. Charles De Ketelaere, amene anamugula ndi ndalama zambiri ku Club Brugge, anatha chaka chonse osagoletsa ngakhale chimodzi, ndiponso Maldini ndi Cardinale sankaona chimodzimodzi za kagulidwe ka osewera. Amene anamulemba ntchito Maldini anali atagulitsa timu, ndipo wobwerayo analibe naye ngongole.

Yomaliza ndi yaifupi, yabwera pa WhatsApp kuchokera kwa m'bale wathu wina ku Johannesburg:

"Bwana, zonsezi wolakwa ndi Ratcliffe. Ndiye anamulemba, ndiye anamuchotsa. Iyeyo amuchotsa ndani?"

Palibe, achimwene, pokhapokha atagulitsa yekha gawo lake. Ndipo sindikutsutsani. Iye mwini anavomera poyera mu Malichi 2025 kuti nkhani ya Ten Hag ndi ya Ashworth anaziphonya. Mabuku a ndalama a timu anaonetsa kuti kumutenga ndi kumuchotsa Ashworth kunadya mapaundi 4.1 miliyoni, nthawi yomwe antchito wamba pafupifupi 250 anali atachotsedwa pofuna kupulumutsa ndalama. Amenewo ndi amene ine ndimawamvera chisoni. Ashworth anabwerera ku FA mu Meyi 2025 pa udindo waukulu, pamene United inamaliza ligi pa nambala 15 n'kugonjanso 1-0 kwa Tottenham mu fainolo ya Europa League ku Bilbao.

Nthawi yatithera. Bambo a ku Zomba amene mwafunsa za VAR, kalata yanu ndaiona, tidzayamba nayo sabata yamawa.