Baraka ikusokosa usiku wonse, anyamata akutisautsa: tikadandaule kwa yani?

Muli bwanji abale anga a ku Ulongué, Tsangano, Furancungo, ndi inu a ku Moatize amene mwabwereka foni ya mwana kuti mutionere! Lero tikamba za chisokonezo m'mabairo mwathu, madera omwe timakhala kuno ku Mozambique. Mukuchidziwa. Sipika ya pa baraka, pomwe anthu amamwera mowa, ikulira mpaka tambala woyamba, anyamata okhuta kachasu akukodzera mpanda wanu, kukacha inu mukusesa mabotolo osweka pomwe ana amasewera opanda nsapato.

Tiyeni mwachangu.

Choyamba, pitani kwa mwini barakayo masana, anthu asanayambe kumwa, ndipo mutenge mnansi mmodzi. Usiku muli ndi mkwiyo musapite.

Chachiwiri, akakana kumva, kwerani makwerero: mkulu wa nyumba khumi, kenako sekeretale wa bairo. Kumudzi, kwa anyakwawa kapena amfumu. Boma linawavomereza atsogoleri amenewa mu 2000 ndi lamulo la Decreto 15/2000, choncho kukadandaula kwa iwo si miseche ayi. Muzilemba masiku amene phokoso lachitika, kuti musakaoneke ngati mukungodana ndi munthu.

Musanapitirire, dinani subscribe pansipa. Ambiri mumaonera osadina, ndimakuonani!

Chachitatu, apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa ndatopa nazo m'makomenti. Mumalemba kuti: "Mwana wosamva mankhwala ake n'chikwapu, kubwalo n'kutaya nthawi." Bodza limenelo, abale anga, bodza lenileni.

Kwathu kuno njinga inasowa pakhomo pa bambo wina. Anthu anathamangira mnyamata yemwe ankadziwika kuti amasuta chamba. Anamumanga ndi chingwe cha mbuzi pamtengo wa mango, ndipo aliyense anabwera ndi chake, wina nsungwi, wina lamba. Ine ndinali pomwepo, sindinatsegule pakamwa, ndipo zimandiwawabe. Madzulo ake njinga ija inabwera yokha, mlamu wa mwiniwake ataikwera. Anali atapita nayo kuchigayo. Mkono wa mnyamatayo suwongoka mpaka lero, ndipo mayi ake satiyankha moni pachitsime. Kodi chamba anasiya? Sanasiye. Kodi kuba kunatha m'bairo? Kuli pomwepo.

Gulu likakwiya silifunsa umboni, ndipo chikwapu chimatha kusanduka maliro. Dziko lathu la Mozambique linathetsa chilango cha imfa m'malamulo aakulu a 1990. Boma lenilenilo silipha wolakwa, nanga ife ndife yani? Womenya naye amamangidwa.

Mukuti palibe kolowera? Kulipo. Lamulo la 4/92, la chaka cha 1992, linakhazikitsa makhoti a m'madera, aja timati tribunal comunitário. Ntchito yawo yoyamba n'kuyanjanitsa anthu. Zikakanika, angadzudzule wolakwa pagulu, angamulipiritse chindapusa, angamulamule kubweza zimene waononga, kapena kugwira ntchito yothandiza anthu masiku osapitirira 30. Kutsekera munthu m'ndende sangathe. Taganizani, mnyamata amene anathyola mpanda wanu akuumanganso ndi manja ake, anzake akumuona. Mpanda waima, mkono wake uli bwino, ndipo mawa mukumana pamaliro n'kupatsana moni.

Ena muti, "Oweruza amenewo amakondera abale awo." Zimachitika, sindikana. Ndiye muzipita ndi mboni, ndipo mukaona kuti zapotozedwa, pitani nayo nkhaniyo kukhoti la boma.

Chachinayi, chachifupi koma musachiphonye. Pakaoneka mpeni kapena magazi, mayi akamamenyedwa, mwana akagwiriridwa, imeneyo si ya amfumu. Pitani ku polisi ya PRM tsiku lomwelo, mukafunse ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza.

Ndilembereni m'makomenti bairo lanu, ndipo mundiuze ngati khoti la m'dera lanu likugwira ntchito. Vidiyoyi itumizeni pa gulu la WhatsApp la bairo, makamaka ngati mwini baraka alimo. Sabata yamawa tikamba za mbuzi ndi nkhumba zolowa m'dimba la mnansi, ndi amene ayenera kulipira.